Qibla imodzi, maboma 57: chimene chimalepheretsa mayiko a Chisilamu kukhala amodzi pa ndale

Pa 11 Novembala 2023 mumzinda wa Riyadh munakumana atsogoleri a mayiko a Aluya ndi a Chisilamu amene kawirikawiri sakhalira mphasa imodzi. Ebrahim Raisi wa ku Iran analipo, patangotha miyezi 8 dziko lake litayanjananso ndi Saudi Arabia. Recep Tayyip Erdoğan wa ku Turkey analipo, komanso Bashar al-Assad wa ku Syria, amene nthawi imeneyo asilikali a Turkey anali m'dziko lake iye asakufuna. Chinawasonkhanitsa chinali nkhondo ya ku Gaza. Aliyense analankhula mowawidwa mtima, ndipo chikalata chimene anatulutsa chinadzudzula Israel, n'kupempha kuti nkhondo iime komanso kuti mayiko asiye kugulitsa zida ku dzikolo. Koma pempho la Raisi loti mayiko a Chisilamu asiye kutumiza mafuta ndi katundu ku Israel silinalowe m'chikalatamo. Egypt, Jordan, Morocco, Bahrain ndi United Arab Emirates anabwerera kwawo ubale wawo ndi Israel ukadalipo.

Msonkhano wotere ukatha, funso limabwereranso m'mizikiti ndi pa wayilesi. Asilamu pafupifupi 2 biliyoni, oswali moyang'ana qibla imodzi, ku Kaaba ya ku Makkah, ofunga mwezi umodzi wa Ramadhan, okhala pamwamba pa mafuta ndi gasi wochuluka chonchi, akulephera bwanji kulankhula ndi pakamwa pamodzi? Funsoli si lachibwana. Qur'an imalamula okhulupirira kuti agwiritsitse chingwe cha Allah onse pamodzi ndipo asagawikane, choncho Msilamu akamamva kuwawa poona kugawanikaku, ululu wake ukuchokera mkati mwa chipembedzo chenicheni.

Ambiri amayankha kuti atsogoleri ndi ofooka pa chikhulupiriro, kapena kuti atsamunda ndiwo anagawa anthu. Zonsezi zili ndi mbali yake yoona. Komabe maboma akafuna kukhala amodzi amakumana ndi mafunso atatu ouma amene chikondi cha pa abale sichiyankha: thumba la ndalama agwire ndani, asilikali azimvera yani, ndipo mamembala akasemphana, mawu omaliza akhale a yani. Pa zaka 100 zapitazi, paliponse pamene mayiko a Chisilamu anayesa kuphatikizana n'kulephera, chinawagwetsa chinali limodzi mwa mafunso amenewa.

Umodzi wake uti?

Anthu akamati umodzi wa Asilamu satanthauza chinthu chimodzi. Ena amanena dziko limodzi la mtsogoleri mmodzi, khalifa, malire onse atafafanizidwa. Awa ndi maganizo a gulu la Hizb ut-Tahrir, limene linayambira ku Jerusalem mu 1953 ndipo ndi loletsedwa m'mayiko ambiri a Chisilamu omwewo, kuphatikizapo Indonesia kuyambira 2017. Ena amanena chitaganya chofanana ndi European Union: dziko lililonse likhale ndi boma lake, koma msika, ndalama ndi bwalo la milandu zikhale za onse. Enanso amangofuna kuti mabomawa azivota mbali imodzi ku United Nations ndi kuthandizana pakagwa vuto. Ganizo lachitatuli likuchitika kale, ngakhale motsimphina. Loyambalo palibe boma ngakhale limodzi limene likulifuna. Mkangano weniweni uli pa lachiwiri.

Vuto limayambira pa kuwerenga komwe. Aluya ndi gawo limodzi lokha mwa magawo asanu a Asilamu onse. Unyinji uli ku Indonesia, Pakistan, India, Bangladesh ndi Nigeria. India, imene ili ndi Asilamu pafupifupi 200 miliyoni, si membala wa bungwe la mayiko a Chisilamu la OIC. Inaitanidwa ku msonkhano woyamba mu 1969, koma Yahya Khan, mtsogoleri wa Pakistan, anakana kukhala nayo m'chipinda chimodzi. Pamene Uganda, imene inalowa mu 1974, Mozambique, imene inalowa mu 1994, komanso Gabon, Guyana ndi Suriname ndi mamembala ngakhale Asilamu kumeneko ndi ochepa poyerekeza ndi ena. Malawi, kumene kalembera wa 2018 anapeza Asilamu pafupifupi 14 pa anthu 100 aliwonse, si membala. Malire a ummah, kutanthauza Asilamu onse pamodzi, ndi malire a maboma sagwera pamodzi. Nigeria italowa mu 1986 pansi pa Ibrahim Babangida, Akhristu a m'dzikolo anakwiya kwambiri. Zanzibar inalowa payokha n'kutulukamo mu 1993 chifukwa malamulo a Tanzania salola mbali imodzi ya chitaganyacho kuyendetsa yokha nkhani za kunja. Ngati kungokhala membala wa bungwe lopanda mano kunautsa mapiri pachigwa chonchi, kuli bwanji kupereka ulamuliro weniweni?

Mpando wa khalifa

Pa 3 Malichi 1924 nyumba ya malamulo ya ku Turkey, motsogozedwa ndi Mustafa Kemal, inathetsa ukhalifa n'kuthamangitsa khalifa wotsiriza, Abdülmecid II. Ambiri amatenga tsiku limeneli ngati tsiku limene umodzi unafa. Koma umodzi wa ndale unali utasweka kalekale. Pofika chaka cha 929 panali akhalifa atatu nthawi imodzi: wa banja la Abbas ku Baghdad, wa banja la Fatima kumpoto kwa Africa, ndi wa banja la Umayya ku Córdoba. M'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 kunali maufumu atatu akuluakulu, wa Ottoman, wa Safavid ku Iran ndi wa Mughal ku India, ndipo awiri oyambawo ankamenyana kawirikawiri. Mafumu a ku Morocco sanagonjerepo Istanbul, ndipo mpaka lero mfumu ya kumeneko imatchedwa Amir al-Mu'minin, mtsogoleri wa okhulupirira. Chimene chinali chimodzi kuyambira kale ndi chikhulupiriro, maphunziro, njira za malonda ndi Hajj. Ibn Battuta, munthu wa ku Tangier, anatha kugwira ntchito ya uqadhi, yoweruza milandu, ku Delhi ndi ku Maldives m'zaka za m'ma 1300 popanda boma limodzi lolamulira madera onsewo.

Zimene zinachitika 1924 itadutsa n'zophunzitsa kwambiri. Sharif Hussein wa ku Makkah anadzitcha khalifa patangopita masiku ochepa, koma ambiri sanamuvomereze, ndipo chaka chomwecho Ibn Saud anamulanda Makkah. Mfumu Fuad ya ku Egypt nayonso inkaufuna mpandowo. Msonkhano umene unachitikira ku Cairo mu 1926 unabalalika osasankha munthu. Aliyense ankavomereza kuti khalifa afunika, koma panalibe mfumu yokonzeka kugwadira inzake. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo apa atambala anali ambiri.

Chaka chomwecho katswiri wa malamulo wa ku Egypt, Abd al-Razzaq al-Sanhuri, anapereka ganizo loti ukhalifa usinthe n'kukhala bungwe la mayiko odziimira paokha. Njira imeneyi ndi imene inadzatsatidwa. Ndipo gulu la ISIS litalengeza ukhalifa wake mu Juni 2014 ndi kupha anthu mwankhanza, ambiri mwa iwo Asilamu, mashehe oposa 120 anasayina kalata yolitsutsa. Mu Febuluwale 2023 bungwe la Nahdlatul Ulama la ku Indonesia, limodzi mwa mabungwe aakulu kwambiri a Asilamu pa dziko lonse, linanena poyera kuti cholinga chokhazikitsa ukhalifa umodzi chisiyidwe.

Pamene anayesadi kuphatikizana

Chitsanzo chofunika kuchimvetsa bwino ndi cha Egypt ndi Syria. Mu Januwale 1958 akuluakulu a asilikali a Syria anauluka kupita ku Cairo kukapempha mtsogoleri wa Egypt, Gamal Abdel Nasser, kuti mayiko awiriwa akhale limodzi. Onse anali Aluya, chilankhulo chimodzi, ambiri Asuni, ndipo anthu anavina m'misewu. Nasser anavomera, koma anaika mfundo zake: zipani zonse za ku Syria zithe, ndipo asilikali achoke m'ndale. Dziko latsopanolo, United Arab Republic, linabadwa mu Febuluwale. Likulu linali Cairo. Egypt inali ndi anthu ochuluka kasanu kapena kuposa poyerekeza ndi Syria, ndipo mayikowa sanali oyandikana malire. Akuluakulu a ku Egypt anatumizidwa kukayendetsa zinthu ku Damascus, pamene asilikali a ku Syria okayikiridwa anasamutsidwira ku Cairo kukakhala opanda chochita. Lamulo lolanda minda ikuluikulu linafika ku Syria chilala chili mkati. Kenako mu Julayi 1961 Nasser analamula kuti mabanki ndi makampani akuluakulu akhale a boma, amalonda a ku Damascus ndi Aleppo osafunsidwa. Pa 28 Sepitembala chaka chomwecho asilikali a Syria analanda boma n'kutuluka m'chitaganyacho. Chinakhala zaka zitatu ndi theka. Amene anamva mbiri ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mmene zonse zinkagamulidwira ku Salisbury, sangavutike kumvetsa madandaulo a ku Damascus, ngakhale kuti iwowo chitaganya chawo anachita kuchipempha okha.

Pakistan ndiye inamangidwa pa chipembedzo chenicheni. Mu 1947 Asilamu a kumadzulo ndi a kum'mawa kwa India anapanga dziko limodzi la mbali ziwiri zotalikirana makilomita pafupifupi 1,600. Kum'mawa kunali anthu ambiri, olankhula Chibengali, ndipo jute wawo, mbewu yopangira masaka, ndi amene ankabweretsa ndalama zakunja. Koma likulu, asilikali ndi maudindo zinali kumadzulo. Mu 1948 Muhammad Ali Jinnah, mtsogoleri woyamba wa dzikolo, ananena ku Dhaka kuti chilankhulo cha boma chidzakhala Urdu basi, ndipo pa 21 Febuluwale 1952 apolisi anawombera ophunzira amene ankatsutsa zimenezi. Chipani cha Awami League cha Sheikh Mujibur Rahman chitapambana chisankho cha Disembala 1970, akumadzulo anakana kuchipatsa boma. Nkhondo inatsatira, anthu osawerengeka anafa, ndipo mu Disembala 1971 Bangladesh inaima payokha. Mbali zonse ziwiri zinkaswali mofanana.

Zoyesera zina zinafa msanga. Chitaganya cha Iraq ndi Jordan cha 1958 chinatha patapita miyezi isanu, mfumu ya Iraq itaphedwa. Cha Libya ndi Tunisia cha 1974 chinathera pa pepala. Senegambia inakhala kuyambira 1982 mpaka 1989, ndipo china chimene chinaigwetsa ndi msonkho wa m'malire: Gambia inkapeza phindu poitanitsa katundu pa msonkho wotsika n'kumugulitsanso kwa oyandikana nawo, choncho kufananitsa misonkho ndi Senegal kunali kudzidula pakhosi. Yemen ya kumpoto ndi ya kum'mwera zinaphatikizana pa 22 Meyi 1990 koma magulu awo a asilikali anakhalabe awiri, ndipo mu 1994 anamenyana.

Chimene chinapulumuka ndi United Arab Emirates, ndipo kamangidwe kake n'koyenera kukaona bwinobwino. Maufumu 6 ang'onoang'ono anagwirizana pa 2 Disembala 1971, Ras al-Khaimah n'kulowa mu Febuluwale 1972; Qatar ndi Bahrain anakana ndipo sanakakamizidwe. Mfumu iliyonse inasunga mpando wake. Mafuta a ufumu uliwonse anakhalabe a ufumuwo. Pa nkhani zikuluzikulu, bwalo la mafumu 7 limafuna mavoti 5, ndipo mwa iwo muyenera kukhala Abu Dhabi ndi Dubai, kutanthauza kuti akuluakulu awiriwo sangaponderezedwe komanso sangachite zinthu okha. Abu Dhabi inavomera kusenza gawo lalikulu la thumba la chitaganya, ndipo mu Disembala 2009 inapereka madola 10 biliyoni kupulumutsa Dubai ku ngongole. Zonse zinayenda pang'onopang'ono: malamulo oyendetsera dziko anali ongoyembekezera mpaka 1996, ndipo Dubai inasunga asilikali akeake mpaka 1997. Mafunso atatu aja anayankhidwa, lililonse pa nthawi yake. Koma awa anali maufumu oyandikana, a anthu ochepa, a chikhalidwe chimodzi, okhala ndi m'bale mmodzi wolemera wofunitsitsa kulipira.

Mmene OIC imagwirira ntchito

Pa 21 Ogasiti 1969 munthu wa ku Australia anayatsa moto mu mzikiti wa Al-Aqsa. Mwezi wotsatira Mfumu Faisal ya Saudi Arabia ndi Mfumu Hassan II ya Morocco anasonkhanitsa mayiko oposa 20 ku Rabat, ndipo bungweli linabadwira pamenepo. Lero lili ndi mamembala 57, ndipo 27 mwa iwo ali mu Africa. Likulu lake lili ku Jeddah, nduna zoona za kunja zimakumana chaka chilichonse, ndipo mlembi wamkulu amene anayamba ntchito mu 2021 ndi Hissein Brahim Taha wa ku Chad.

Aliyense woyembekezera zambiri ku bungweli awerenge malamulo ake, amene anakonzedwanso ku Dakar mu 2008. Amanena mobwerezabwereza za ufulu wa dziko lililonse wodzilamulira ndi kusalowerera nkhani za mnzako. Zigamulo zimapangidwa onse akagwirizana, ndipo zikakanika pamafunika magawo awiri mwa atatu. Koma ngakhale chigamulo chidutse, palibe njira yokakamizira dziko kuchitsatira. Bungweli lilibe asilikali, lilibe msonkho umene limatolera lokha, ndipo lilibe khoti logwira ntchito. Malamulo a bwalo la milandu la mayiko a Chisilamu anavomerezedwa pa msonkhano wa ku Kuwait mu 1987, koma mayiko okwanira sanawasayinire kwawo, ndiye bwalolo silinakhalepo. Chilango chachikulu chimene bungweli lili nacho ndi kuimitsa membala, ngati mmene linachitira ndi Egypt mu 1979 itapangana mtendere ndi Israel, ndi Syria mu 2012. Egypt inabwerera mu 1984 isanasinthe kalikonse pa mgwirizano wake ndi Israel.

Zotsatira zake zimaoneka pa nkhani zimene zimakhudza mayiko amphamvu. Mu Malichi 2019 nduna za OIC zitakumana ku Abu Dhabi, zinayamikira China chifukwa cha mmene imasamalira nzika zake za Chisilamu, pa nthawi imene dziko lonse linkamva za Asilamu a mtundu wa Uyghur otsekeredwa m'misasa ku Xinjiang. Pa msonkhano womwewo mlendo wolemekezeka anali nduna ya India, Sushma Swaraj, ndipo nduna ya Pakistan inanyanyala. Kumapeto kwa chaka chomwecho Mahathir Mohamad, amene anali nduna yaikulu ya Malaysia, anaitanitsa msonkhano wina ku Kuala Lumpur. Atsogoleri a Turkey, Iran ndi Qatar anapita; Saudi Arabia inaona ngati akufuna kuilanda utsogoleri, ndipo Imran Khan wa ku Pakistan, amene dziko lake limadalira ngongole ndi ntchito za ku Saudi Arabia, anasintha maganizo masiku otsiriza.

Kodi ndi nkhani ya Asuni ndi Ashia?

Kusiyana kwa magulu awiri akuluakulu a Chisilamu amenewa kulipodi. Ashia ndi pakati pa 10 ndi 15 pa Asilamu 100 aliwonse, ndipo ndi ochuluka ku Iran, Iraq, Azerbaijan ndi Bahrain. Kuyambira 1979, pamene Iran inakhala dziko lotsogozedwa ndi mtsogoleri wachipembedzo, mpikisano wake ndi Saudi Arabia wasonkhezera moto ku Lebanon, Iraq, Syria ndi Yemen. Koma kutenga zimenezi ngati gwero la zonse n'kulakwitsa. Mayiko amene anatsekera Qatar malire kuyambira Juni 2017 mpaka Januwale 2021 anali olamulidwa ndi Asuni anzake, ndipo Iran ndi imene inaitsegulira njira ya ndege. Iraq italanda Kuwait mu 1990, olamulira a mbali zonse anali Asuni. Azerbaijan, dziko la Ashia ambiri, ndi bwenzi la Turkey ndi Israel, pamene Iran imagwirizana ndi Armenia, dziko la Akhristu. Morocco ndi Algeria onse ndi Asuni a madhhab a Maliki, kutanthauza kuti amatsata njira imodzi yomasulira malamulo a chipembedzo, koma malire awo ndi otseka kuyambira 1994, ndipo mu 2021 Algeria inadula ubale, n'kuletsa ndege za Morocco kudutsa mumlengalenga mwake, n'kutseka paipi ya gasi yodutsa ku Morocco. Mzu wa mkanganowo ndi dera la Western Sahara.

Chimene chimalemera kwambiri ndi kusiyana kwa maziko a ulamuliro. Mfumu ya Saudi Arabia imadzitcha Mtumiki wa Mizikiti Iwiri Yopatulika. Iran imati ulamuliro uyenera kukhala m'manja mwa katswiri wa malamulo a chipembedzo. Malamulo a Turkey ndi Senegal amalekanitsa boma ndi chipembedzo. Indonesia inamangidwa pa mfundo zisanu za Pancasila pofuna kusunga pamodzi anthu a zipembedzo zosiyana. Kwina akulamulira asilikali, kwina osankhidwa pa chisankho. Nyumba ya malamulo ya onse ingasankhidwe bwanji? Mukawerenga mitu, Indonesia, Pakistan, Nigeria ndi Bangladesh alamulira onse. Mukapatsa dziko lililonse voti imodzi, Comoros ifanana ndi Indonesia. Ndipo mfumu imene sinalole nyumba ya malamulo yamphamvu kwawo singalole ina yakunja kukhala pamwamba pake.

Mfuti nazo zili ndi eni ake. Turkey ili mu NATO kuyambira 1952. Zombo za nkhondo za America zili ku Bahrain, ndipo bwalo lake lalikulu la ndege za nkhondo m'derali lili ku Al Udeid ku Qatar. Kazakhstan, Kyrgyzstan ndi Tajikistan ali mu mgwirizano wa chitetezo wotsogozedwa ndi Russia. Pakistan imagula zida zambiri ku China. Saudi Arabia italengeza mgwirizano wa asilikali wa mayiko 34 olimbana ndi uchigawenga mu Disembala 2015, Iran, Iraq ndi Syria munalibe. Miyezi ingapo izi zisanachitike, nyumba ya malamulo ya Pakistan inali itakana kutumiza asilikali ku nkhondo ya ku Yemen. Dziko lililonse limaopa mdani wake, ndipo nthawi zambiri mdaniyo ndi membala mnzake.

Thumba

Mu European Union dziko lokhala ndi anthu ambiri, Germany, ndi lomwenso lili ndi chuma chachikulu, choncho limalipira zambiri koma limakhalanso ndi mawu. Ku mayiko a Chisilamu chuma chili kwina, anthu ali kwina. Ku Qatar chuma cha dziko chikagawidwa pa munthu aliyense chimaposa madola 70,000 pa chaka, pamene ku Niger sichifika 1,000. Nzika zenizeni za Qatar ndi pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 10 okhala m'dzikolo. Lamulo loti aliyense azipita kukakhala ndi kugwira ntchito kumene akufuna, limene ndi mtima wa European Union, lingatanthauze kuti mayiko a ku Gulf atsegulire zipata anthu oposa 240 miliyoni a ku Pakistan ndi oposa 100 miliyoni a ku Egypt ngati nzika zofanana nawo. Palibe mfumu ya kumeneko imene ingasayine.

Malonda a pakati pa mamembala a OIC ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a malonda awo onse, pamene ku European Union amaposa theka. Ambiri amagulitsa zinthu zofanana, mafuta, gasi, thonje, miyala, ndipo makina amakagula ku China ndi ku Ulaya. Palinso vuto la malamulo limene anthu saliona. Turkey ili mu mgwirizano wa misonkho ya m'malire ndi European Union, choncho pa katundu wa m'mafakitale singaike yokha msonkho umene ikufuna. Kazakhstan ndi Kyrgyzstan anamangidwa chimodzimodzi ndi Russia, Nigeria ndi Senegal ndi bungwe la kumadzulo kwa Africa la ECOWAS, Uganda ndi East African Community. Ndalama ya CFA ya Senegal, Mali ndi Niger inamangiriridwa ku euro, pamene za mayiko ambiri a ku Gulf zinamangiriridwa ku dola. Kuti pakhale msika umodzi wa Chisilamu, dziko lililonse liyenera kuyamba lamasula mfundo zimene linamanga ndi anansi ake enieni. N'chifukwa chake dongosolo lochepetserana misonkho la OIC, limene linakonzedwa mu 1990, linayamba kugwira ntchito mu Julayi 2022, ndi mayiko 13 okha, pa mitundu yochepa ya katundu.

Ngakhale mayiko 6 a ku Gulf, olemera onse, olamulidwa ndi mafumu onse, amene ali ndi bungwe lawo la GCC kuyambira 1981, analephera kupanga ndalama imodzi imene anaikonzera chaka cha 2010. Oman inatuluka mu 2006. United Arab Emirates inatuluka mu 2009, atasankha Riyadh m'malo mwa Abu Dhabi kukhala malo a banki yaikulu. Mfumu Abdullah ya Saudi Arabia itapempha mu 2011 kuti bungweli lisanduke chitaganya chenicheni, Oman inayankha poyera mu 2013 kuti sidzalowa nawo.

Zimene zatheka

Si zonse zalephera, ndipo zimene zathekazo zikufanana pa chinthu chimodzi: ndi ntchito imodzi yodziwika malire ake, imene dziko lililonse likuona phindu lake. Anthu oposa 400 atafa pa chipolowe cha ku Makkah mu Julayi 1987, nduna za OIC zinagwirizana chaka chotsatira kuti dziko lililonse lizitumiza ku Hajj anthu 1,000 pa Asilamu 1 miliyoni aliwonse. Iran inanyanyala zaka zitatu n'kubwerera, ndipo dongosololi likugwirabe ntchito. N'chifukwa chake Indonesia imapatsidwa malo pafupifupi 221,000. Islamic Development Bank, imene inatsegulidwa ku Jeddah mu 1975, yamanga misewu, zipatala ndi sukulu m'mayiko ambiri, ndipo imayenda chifukwa ili ndi masheya, malamulo a ngongole ndi njira yoimitsira amene sakubweza. Mayiko a ku Gulf analumikiza mawaya awo a magetsi kuyambira 2009. Mu Novembala 2019 Gambia, mothandizidwa ndi OIC, inasumira Myanmar ku International Court of Justice pa nkhani ya Asilamu a mtundu wa Rohingya, ndipo mu Januwale 2020 khotilo linalamula Myanmar kuti iwateteze mlandu uli mkati. Tiyenera kuvomereza kuti apa chinathandiza ndi chakuti palibe membala wamphamvu amene ankataya kanthu.

Ngakhale chida cha mafuta cha 1973, chiletso chogulitsa mafuta ku mayiko othandiza Israel, chimene ambiri amachikumbukira ngati nthawi ya umodzi, chinagwiritsidwa ntchito ndi mayiko a Aluya okha. Iran ya nthawi ya Shah, mfumu yake, inapitiriza kugulitsa, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu Malichi 1974. Masiku ano ogula mafuta a ku Gulf ambiri ali ku Asia, ndipo mafuta ambiri amene Israel imagula akhala akuchokera ku Azerbaijan ndi Kazakhstan.

Woganiza mozama za chitaganya chofanana ndi cha ku Ulaya akumbukire kuti icho chinayamba mu 1951 ndi mayiko 6 oyandikana, pa malasha ndi chitsulo basi, koma kuyambira tsiku loyamba chinali ndi bungwe lotha kulamula maboma pa nkhani imodziyo, khoti lomasulira mgwirizano, ndi ndalama yakeyake yochokera ku makampani a malasha ndi chitsulo. Kwa mayiko a Chisilamu njira yotero ingayambire pa magulu a anansi, monga a ku Gulf, a kumpoto kwa Africa, kapena Indonesia, Malaysia ndi Brunei, ndi pa ntchito imodzi: magetsi, nkhokwe za chakudya, madzi a mitsinje yodutsa malire, kapena muyezo umodzi wa chakudya cha halal kuti satifiketi ya dziko lina izilandiridwa kwina popanda kuyezanso. Chovuta ndi gawo lotsatira, pamene dziko lagonja pa voti koma liyenera kumvera. Pamenepo ndi pamene Oman ndi United Arab Emirates anabwerera m'mbuyo pa nkhani ya ndalama, ndipo ndi pamene malamulo a khoti a 1987 anaimira.

Chaka cha 2025 chinaonetsa kumene zinthu zikulowera. Mu Juni Iran inaponya mizinga ku Al Udeid ku Qatar pobwezera America. Pa 9 Sepitembala Israel inaphulitsa nyumba mumzinda wa Doha pofuna kupha atsogoleri a Hamas. Atsogoleri a mayiko a Aluya ndi a Chisilamu anathamangira ku Doha pa 15 Sepitembala, ndipo anatulutsa chikalata chodzudzula. Patangopita masiku awiri, Saudi Arabia ndi Pakistan, dziko lokhalo la Chisilamu lokhala ndi zida za nyukiliya, anasayinirana ku Riyadh pangano loti woukira mmodzi waukira onse awiri. Mawu otere sanalembedwepo m'malamulo a OIC. Anasayina ndi mayiko awiri, lina lili ndi ndalama, lina lili ndi asilikali, ndipo mamembala 55 otsalawo munalibe.